A Bwelezani Sanagone Pansanja

Chakwana chaka chimwalirireni atate anga aakulu, a Yotamu Mtonga, koma mukatchula dzina lawo pamsika wa Lundazi lero, sipalephera wina wofunsa kuti, "Uja anagona pansanja ndeke n'kusochela?" Amafunsa akuseka, yankho salidikira. Zimenezi zikundipsetsa mtima tsopano kuposa kale, chifukwa mwezi wathawu, pa mwambo wovundukula chiliza chawo, ndinaimirira pamaso pa anthu n'kufotokoza zimene zinachitikadi. Onse anandiyankha kuti amva.

A Yotamu anali akulu awo a bambo anga. Ali mnyamata ankagwira ntchito pabwalo lina lalikulu la ndege, kutali ndi kwathu kuno, m'nsanja yagalasi imene anthu amakhalamo n'kumalankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi. Ntchito yawo inali youza woyendetsa kuti akwere kufika pati, akhotere kuti, adikire kapena atere. Ankati kumwamba kulinso malire ngati a minda, kungoti kulibe chulu kapena mtengo woti uonerepo, ndiye malire ake amakhala m'mawu a anthu awiri amene sakuonana. Ntchitoyo inawathera mwadzidzidzi ine ndisanabadwe. Anabwerera kuno, anamanga nyumba pafupi ndi kabwalo ka ndege ka kuboma, n'kumalima chimanga ku Magodi. Mbiri yoti anagona pantchito inafika iwo asanatsitse katundu, ndipo sanaitsutsepo pagulu mpaka kulowa m'manda.

Dzina loti Yotamu linkamveka kutchalitchi kokha. Boma lonse linkawatchula kuti a Bwelezani, ndipo dzinalo analigwirira ntchito. Akakuuza chinthu, sunkachoka usanachinene iwe mwini ndi pakamwa pako. Ine pano ndine mayi wa ana akuluakulu, koma mpaka chaka chawo chomaliza akaimba foni zinkakhala zomwezo.

"Tiwonge, Loweluka ubwele na mabatile a wailesi. Akulu, osati ang'ono. Upitile kwa dokota wa maso unitengele magalasi."

"Chabwino adada, ndamva."

"Wamva chani? Bweleza."

"Adada, foni ikutha moto."

"Ndiye bweleza msanga."

Mawu oti "ndamva" ankadana nawo ngati matenda. Kaya uwanene m'Chinyanja, kaya unene "napulika" m'Chitumbuka, nkhope yawo inkachita makwinya chimodzimodzi. Ankati mawu amenewo ndi chitseko chimene munthu amatseka msanga kuti usaone kuti m'nyumba mulibe kanthu. Ankatinso munthu amene wakwiya nawe n'kubwereza zimene wanena ndi wabwino kuposa amene wakugwadira n'kungovomera.

Sindinama, ankatopetsa. Anthu ankawaona akubwera panjinga yawo yakuda n'kuyamba kukonza katundu amene anali wokonzakonza kale. Kondakitala wina wa minibasi za ku Chipata anawatsitsira chikwama chawo pansi chifukwa anamuumiriza kuti atchule pamene akawatsitse. "Madala, nanga nili ku sukulu ine? Kwelani olo salani!" Iwo anatsaladi, n'kudikira ina dzuwa likuswa mtengo. Kutchalitchi anayambana ndi mlembi wa mpingo chifukwa cha zolengeza. Mlembi akamaliza kuwerenga, iwo ankaimirira n'kuloza munthu mmodzi, aliyense amene maso awo amugwera, kuti anene tsiku ndi malo a msonkhano umene walengezedwa. Kawirikawiri munthuyo sankadziwa, ndipo m'malo mokwiyira makutu ake, ankakwiyira a Yotamu. Akulu a mpingo anawapempha kuti azikhala kumbuyo. Anakhala kumbuyo, koma ankalozabe.

Si kuti njira yawoyo inkathandiza nthawi zonse. Chaka china analemba ganyu bambo wina wochokera ku Kasungu, a Mwale, kuti awagawulire munda wa ku Magodi ndi ng'ombe. Anawauza kuti akalekezere pachulu, chifukwa kuseri kwake ndi kwa eni ake. A Mwale anabwereza bwinobwino, chulu anachitchula, ngakhale kuchiloza ndi mkwapulo. Pofika masana anali atalima mizere ingapo m'munda wa eni ake aja, akuti ng'ombe zinali ndi liwiro. Ife tinkayembekeza kuti kugwa chimvula cha mawu. Atate aakulu anangoyang'ana mizereyo n'kunena kuti ulendo uno zili bwino, chifukwa aliyense akudziwa amene walakwa. Anapita okha kukapepesa, ndipo a Mwale anawalembanso ganyu chaka chotsatira.

Ngakhale kuchipatala, masiku awo omaliza, sanasinthe. Dokotala wina wachitsikana anabwera ndi zotsatira, n'kuyamba kuzungulira monga timachitira tonse pamaso pa munthu wamkulu. Anati thupi latopa pang'ono, anati tiziyang'ana kwa Mulungu, anati mankhwala ena tiwasiye kaye. A Yotamu anakweza dzanja lawo lowonda lija.

"Mwana wanga, osapita m'mbali. Nena chimene waona."

Dokotala anandiyang'ana ine, kenako ananena. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Wati sinizachila. Wati nipite kunyumba. Nabweleza bwino?"

Mtsikanayo anagwedeza mutu, misozi ili m'maso. Anamuthokoza, n'kumuuza kuti ali ndi tsogolo pa ntchito yake. Anamwalira kunyumba masana ena a nyengo yozizira, wailesi yawo ikulira pambali.

Panali munthu mmodzi yekha amene sanamuuzepo kuti abwereze, ndiye akazi awo, a NyaZimba, amene ine ndimawatchula kuti amama. Akawauza kanthu, amama ankangoti "napulika" osatembenuka n'komwe, ndipo bambo amene ankaimitsa mpingo wonse uja ankangoweramitsa mutu n'kutuluka panja. Ife ana tinkaseka, tinkati ngakhale mkango uli ndi kwawo kumene umaopa. Sitinkadziwa chimene tinkaseka.

Malo awo anali pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwa kabwalo ka ndege kaja. Anakhomapo benchi ya matabwa awiri. Anali ndi wailesi yakale yogwira mawu a oyendetsa ndege, ndipo anamangirira waya wautali kunthambi ya pamwamba kuti izikoka bwino. Kabwaloko ndege zimaterapo mwa apo ndi apo, mwina ya odwala, mwina ya alendo opita kukaona nyama. Masiku ena onse ndi njira yachidule ya njinga ndi podyera mbuzi. Palibe anawalemba ntchito yolondera, koma ankathamangitsa mbuzi, kukalipira okwera njinga, ndi kutola miyala imene anthu osewera mpira ankasiya. Ankamvetsera ndege zodutsa m'mwamba kwambiri, zimene ife sitinkaziona n'komwe, ndipo woyendetsa akayankha mwachidule osabwereza malangizo, ankamenya benchi ndi chikhatho ngati munthuyo ali pomwepo.

Tsiku lina ndinawapeza atakwiya kuposa masiku onse. Kandege kena kanali katangotera, kochokera chakum'mawa, kumene malire a Malawi ali pafupi. Iwo ankati sanamve woyendetsayo akulankhula ndi aliyense pa wailesi, ndiye ayenera kuti anadutsa m'mlengalenga mwa eni ake mwakachetechete. Anamutsatira mpaka pamene ankamanga kandegeko. Mnyamatayo anavula magalasi akuda, anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti zonse anazikonza asananyamuke ndipo analankhula ndi oyenera panjira ina imene wailesi yakaleyo singagwire. Mwina ankanena zoona, ine sindidziwa. Kenako anawagwira paphewa n'kuti, "Zikomo madala, namvela." Anakwera galimoto imene inkamudikira n'kumapita.

Atate aakulu anabwerera pabenchi. Ndinawauza kuti adzadwala ndi nkhani zosawakhudza, ndiponso kuti anthu akuwaseka. Mwina ndi mawu amenewo amene anawatsegula pakamwa. Anazimitsa wailesi, chinthu chimene sankachita masana, n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

Nthawi ija ankagwira ntchito pansanja, anatero, anali atangokwatira kumene. Apongozi awo, bambo a amama, anali woyendetsa ndege wodziwika, mmodzi mwa anthu akuda oyamba kupatsidwa ndege, munthu amene akabwera kumudzi anthu ankavula zipewa. Aliyense ankawatchula kuti a Kaputeni. Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi m'maso. Akakumana nawo panjira amapatuka, akafuna kuwauza kanthu amatuma munthu, ndipo sangayerekeze kuwauza kuti anenenso zimene anena. A Yotamu anakula ndi mwambo umenewo, ndipo ankaulemekeza.

M'mawa wina asilikali anatseka dera lina la mlengalenga, kumadzulo kwa mtsinje wina, chifukwa ankayeserera kuwombera mizinga. Uthenga unafika kunsanja mochedwa, ndege zina zitanyamuka kale. Imodzi mwa ndegezo inali yaing'ono, yonyamula anthu ochepa, ndipo njira yake ya masiku onse inkadutsa pomwepo. A Yotamu anaiitana m'Chingerezi cha pantchito, n'kuiuza kuti idutse kum'mawa kwa mtsinje chifukwa kumadzulo kwatsekedwa. Lamulo la ntchitoyo ndi loti woyendetsa abwereze malangizo onse, kuti wa pansanja atsimikize kuti afika momwe anachokera. Koma mawu amene anabwera pa wailesi anali a Chitumbuka, ansangala, a munthu amene wazindikira mwana wa kwawo.

"Ndimwe ŵakweni? Napulika. Mwana wane wali uli?"

Anali apongozi awo, akuwaitana kuti mkamwini ndi kufunsa za moyo wa mwana wawo wamkazi. A Yotamu ankadziwa bwino lomwe mawu oyenera kunena, anali atawanena kwa oyendetsa ena ambirimbiri, azungu ndi akuda omwe, osaphethira. Koma kuuza apongozi kuti bwerezani, ngati mwana wa sukulu, pa wailesi imene anthu ena akumvetsera, lilime linakana. Anayankha kuti mwana wawo ali bwino.

Kenako anaona pagalasi lowonetsa ndege kuti kadontho kaja kakupitabe kumadzulo. Apa ndi pamene ankati analakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kwachiwiriku n'kumene kunkawadya kwambiri. M'malo molamula, anapempha. Anafunsa m'chilankhulo cha kwathu ngati mwina adada sangakonde kupatukako pang'ono. A Kaputeni anaganiza kuti mkamwini akudera nkhawa mitambo. Anaseka, n'kunena kuti kunja kuli ngwee, ndiponso kuti njira imeneyo anayamba kuyendamo mkamwiniyo asanamere mano. Pamene a Yotamu ankapeza mphamvu zofuula m'Chingerezi kuti akhote msanga, foni ya asilikali inali ikulira kale. Ndege inali italowa.

Mwamwayi msilikali wina anaiona ndi maso n'kuimitsa mizinga. Palibe anafa, palibe anavulala. Koma ndegeyo inalamulidwa kutera pabwalo la asilikali, ndipo nkhani inakula. Pa kafukufuku anamvetsera tepi ya zonse zimene zinalankhulidwa. Anafunsa a Yotamu ngati woyendetsa analandira malangizo omveka. A Kaputeni anali atakhala pampando wa kutsogolo, chipewa chili pabondo. A Yotamu anayankha kuti iwo ndi amene sanalankhule momveka. A Kaputeni sanatsegule pakamwa. Anapitiriza kuuluka mpaka kupuma pantchito ndi ulemu wawo wonse, mkamwini n'kulongedza katundu.

Ndinawafunsa kuti nanga za kugonazo zinachokera kuti. Anati sakudziwa amene anayambitsa, koma a kuchipongozi sanazitsutse, chifukwa kuzitsutsa kukanabweretsa funso loti nanga chinachitika n'chiyani. Ndinafunsa ngati amama akudziwa. Anati anawauza tsiku lomwelo, ndipo amama anayankha liwu limodzi lomwe lija la bambo awo. Atamaliza anandiyang'ana, ine n'kudziwa chimene akudikira. Ndinabwereza nkhani yonse kuyambira pa mizinga mpaka pa chipewa cha pabondo. Anandikonza pamalo amodzi, pamene ndinafuna kuwachepetsera mlandu. Anati ndisadzanene kuti analibe cholakwa, ndidzangonena kuti anali maso.

Choncho banja litandisankha kuti ndidzanene mbiri yawo pa mwambo wa chiliza, ndinapita kwa amama kukawauza zimene ndikanene. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Sanasiye.

"Unene kuti anagwila nchito ya ndeke, anapuma, anabwela kumunzi. Basi."

"Amama, sanapume. Anachotsedwa. Ndipo anthu akuti anagona."

"Anthu amakamba. Onse awili anagona m'manda manje, adada anga na iye. Ufuna kuutsa ndani?"

"Ndikufuna dzina lawo libwerere."

"Dzina la uyu libwelele, la adada lipite? Yayi, mwana wane. Ine nili pakati."

Ndinawamvetsa, koma kumvetsa sikunandichotsere mkwiyo. A Kaputeni ali ndi chithunzi chachikulu pabalaza, atavala yunifolomu, ndipo zidzukulu zimachiloza monyadira. A Yotamu anasenza nthabwala ya pamsika zaka zonsezo kuti chithunzicho chisagwe pakhoma. Akuti mlandu suwola, koma uwu unkaoneka kuti uwolera m'nyumba momwemo, aliyense akuudutsa mwaulemu.

Pa tsiku la mwambo ndinanena. Dzina la a Kaputeni sindinalitchule, ndinangoti anali munthu wamkulu amene mwambo sunkawalola a Yotamu kumubweza mawu. Ndinafotokoza za dera lotsekedwa, za malangizo amene sanabwerezedwe, za pempho limene linayenera kukhala lamulo. Ndinati analakwa, ndipo iwo eni ankavomera, koma analakwa ali maso, chifukwa cha ulemu umene tonsefe timaphunzitsa ana athu. Ndinati amene ankatopa ndi "bweleza" wawo uja adziwe kumene anachokera. Ndinanena zonse mpaka kumapeto.

Amama ankayang'ana nsonga za nsapato zawo. Kenako mlembi wa mpingo, yemwe uja ankayambana nawo, anaimirira n'kunena mokoma mtima kuti, "Tamva, mayi. Tamva tonse." Khamu linavomera kuti tamva, kwaya inayamba nyimbo, ndipo anthu anayamba kuyang'ana kumene kunali chakudya. Ndinalakalaka kuloza munthu mmodzi, aliyense, kuti aimirire anene chimene wamva. Sindinathe. Panali akuluakulu ambiri, ena a kuchipongozi, ndipo dzanja langa linakhala pamene linali.

Sabata yotsatira ndinapita kumsika kukagula tomato. Mayi amene ndimagula kwa iye analipo pa mwambo uja, anaimba nawo ndi kudya nawo. Anandiyamikira kuti ndinalankhula bwino kwambiri, mpaka iye analira. Kenako anatembenukira mnzake wa pambali n'kumufotokozera kuti ndine mwana wa a Bwelezani, aja anagona pansanja.

Dzana ndinapita kukaona benchi ija. Sindinkayembekeza kupezako munthu, koma amama anali atakhala pamenepo, kumapeto kwenikweni kwa thabwa, mbali imene amuna awo sankakhala. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo pansi pa mtengo umenewo. Ndinawapatsa moni, anayankha, ndipo ndinakhala pambali pawo. Kenako anayamba okha, maso ali kubwalo, mawu ali pansipansi ngati akuwerenga.

"Anali adada. Anauzidwa kuti apite kum'mawa kwa mtsinje. Sanabweleze. Yotamu anaopa kuwauza. Yotamu sanagone."

Kenako anandifunsa. "Nabweleza bwino?"

Ndinati abwereza bwino. Ndinafuna kuwafunsa chifukwa chake sananene zimenezi mwini wake ali moyo, atakhala pa thabwa lomwelo, kapena kumanda kuja anthu atadzaza. Ndisanafunse, njinga inatulukira m'kanjira kodutsa pakati pa bwalo, itanyamula mayi wina kumbuyo. Woyendetsayo analoza mtengo ndi chibwano n'kuuza mlendo wakeyo mokweza kuti apa ndi pamene pankakhala mdala uja anagona ndeke n'kusochela. Mayiyo anaseka. Ndinayang'ana amama. Anakonza chitenje chawo, anaimirira pang'onopang'ono, n'kunena kuti asiya nyemba pamoto.

Ndinatsala ndekha. Mwendo umodzi wa benchi wadyedwa ndi chiswe, ndipo munthu akakhalapo imapendekeka. Pamene ankaponda mapazi a atate aakulu panali dothi losalala, koma tsopano pamera udzu. Kanjira ka njinga kaja kakula, ngolo ingathe kudutsamo, ndipo miyala ya osewera mpira yangoti mbwee pakati pa bwalo. Mbuzi zinkadya mpaka m'mphepete mwa benchi osandiopa. Wailesi anaitenga mdzukulu wina, akuti akachotsemo zitsulo. Waya yekha ndi amene palibe anakwera kukamumasula. Akadali womangiriridwa kunthambi ya pamwamba ija, akutolabe mawu a ndege zodutsa, ndipo nsonga yake ya kumunsi ikungolendewera pamwamba pa thabwa, yosalumikizidwa ku chilichonse.